Mlamu akamangodya yekha pa makadi

Amene mwangofika kumene kuchokera ku tchalitchi, vulani nsapatozo, khalani pansi. Lero tili ndi nkhani ya makadi.

Nkhaniyi yayambira pa kalata imene ndalandira kuchokera kwa mayi wina wachitsikana wa ku Lilongwe. Dzina sinditchula, mwambo wa tsamba lino mukuudziwa kale. Mayiyu akuti mwamuna wake anakakhalako ku Johannesburg zaka ziwiri, ndipo pobwera, kuwonjezera pa mabulangete ndi wailesi, anabwerakonso ndi masewera a makadi otchedwa poker. Lachisanu lililonse madzulo pabalaza pawo pamasonkhana amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi. Poyamba ankaseweretsa zitsekerero za mabotolo, kenaka anayamba kuponya timachenje, pano ndalama zimene zimazungulira patebulopo usiku umodzi zikhoza kulipira lendi.

Amene amadyedwa kawirikawiri ndi bambo wa pakhomopo, moti fizi ya mwana teremu ino yaperekedwa theka. Wodya anzake sasintha ayi: ndi mlamu wake wa mayiyu, mkulu wake wa mwamunayo. Akapanda kudya iyeyo ndiye kuti wadya ndi mnzake wina amene amabwera naye. Makadi amachokera m'thumba la jekete la mlamuyo, kugawanso amakonda kugawa yekha, ati enawo sadziwa kusakaniza. Tsono mayiyu akufunsa zinthu ziwiri. Kodi mlamuyu akubera kapena ndi mwayi wake chabe? Nanga ngati akubera, anene bwanji osapasula ubale?

Ndiyambe ndanena poyera kuti ine njuga sindiyamikira. Koma ndikangoti "siyani" basi n'kutseka nkhani, ndikudziwa kuti Lachisanu likudzali makadi adzagawidwabe, ndipo mayiyu sindinamuthandize kanthu. Ndiye tiyeni tiyilowe bwinobwino.

Poker kwawo ndi ku America. Inayamba kudziwika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 cha ku New Orleans, n'kufalikira ndi sitima zoyenda pa mtsinje wa Mississippi. Chinyengo sichinabwere pambuyo, chinakwera sitima yomweyo. Pofika 1843 munthu wina amene anasiya njuga, Jonathan Green, anali atalemba kale buku loulula mmene akathyali ankaberera apaulendo. Mu 1902 ku Chicago kunatulukanso buku lotchedwa The Expert at the Card Table, lofotokoza mmene zala zimanamizira maso pogawa makadi, ndipo mpaka lero likugulitsidwabe. Masewerawa anadzatchuka kwambiri mu 2003 pamene mkulu wina wowerengera ndalama wa ku Tennessee, Chris Moneymaker, amene analowa mpikisano kudzera pa intaneti, anakawina madola 2.5 miliyoni ku Las Vegas. Kuyambira apo anyamata ambiri m'maiko osiyanasiyana anayamba kuganiza kuti nawonso angathe. Ndikufotokoza zonsezi kuti mudziwe kuti njira zoberazi ndi zakalekale, ndipo njira zozitsekera nazonso zilipo kale. Simukuyamba ndinu.

Koma tisanamange mlamu, mverani ichi. Kuwina pakokha si umboni. Poker si ili ngati kuponya khobidi m'mwamba. Muli mwayi, mulinso luso. Wodziwa kudikira, wodziwa kutaya makadi oipa msanga, wodziwa kuwerenga nkhope za anzake, pakapita milungu amadya ndithu osadziwa, popanda kuba kulikonse. Mayi inu, mwina amuna anuwo sadziwa kusewera basi. Alipo amuna amene akagwira makadi abwino nkhope imawala ngati mwezi, akagwira oipa amayamba kukanda m'mutu. Woteroyo safuna kuberedwa, amadzipereka yekha.

Ndiye musamaone kuti akuwina kangati kokha, muziona kuti akuwina nthawi iti, ndiponso ndi makadi otani. Paketi ili ndi makadi 52. Pa mtundu wa poker umene anyamata ambiri amasewera, wa Texas hold'em, aliyense amalandira makadi awiri obisika. Kulandira ma eyisi awiri kumachitika kamodzi pa maulendo 221. Pa poker ya makadi asanu, kulandira anayi ofanana nthawi imodzi ndi kamodzi pa maulendo 4,165. Tiyerekeze kuti usiku wonse mwagawa ka 100. Munthu kupeza ma eyisi awiri kamodzi kapena kawiri usiku umenewo, palibe chodabwitsa. Koma akamawapeza kanayi, kasanu, Lachisanu lililonse, ndipo nthawi zonse pamene wagawa ndi iye mwini, pamenepo tcherani maso. Chinanso chokayikitsa n'chakuti wina alandire makadi abwino kwambiri omukopa kuponya ndalama zambiri, koma wogawayo n'kukhala ndi oposa pang'ono chabe. Zikachitika kamodzi ndi tsoka. Zikamabwerezeka, pali dzanja la munthu.

Njira yoyamba ndiponso yophweka yoberera ndiyo kuika zizindikiro kumsana kwa makadi. Sizifuna sukulu. Chikhadabo chimadinda kakang'ono pakona pa eyisi, kapena kakona kamapindidwa pang'ono, kapena chala chamafuta a nkhuku ija mwakazinga chimasiya kadontho pa mfumu. Kwa inu khadiyo yangoda chifukwa chokalamba. Kwa iye ikuyankhula. Mukafuna kuyesa, tengani paketi yonse masana kukuwala, muyang'ane kumsana kwake, muyendetse makadiwo msangamsanga ndi chala chachikulu monga ana amachitira ndi kabuku ka zithunzi. Maluwa a kumsanawo ayenera kuima nji osasuntha. Mukaona kena kake kakuphethira kapena kudumpha, khadi imeneyo aigwira. Kenaka pendeketsani khadi iliyonse pa kuwala, mupapase ndi chala. Mukapeza kuti zipsera zili pa ma eyisi ndi mafumu okhaokha pamene ma 4 ndi ma 6 ali osalala, musadzivute n'kufunsa kwa sing'anga.

Musaganize kuti kakang'ono sikangabere munthu. Mu 2012 katswiri wa poker wa ku America, Phil Ivey, anawina mapaundi 7.7 miliyoni pa nyumba ya njuga ya Crockfords ku London, pa masewera ena a makadi otchedwa punto banco. Makadi sanawakhudze n'komwe. Iye ndi mnzake anangozindikira kuti maluwa a kumsana sanadulidwe mofanana m'mbali zonse, n'kumapempha wogawa kuti makadi ena aziwatembenuza. Eni nyumbayo anakana kulipira, nkhani inafika mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la ku Britain, ndipo mu 2017 khotilo linagamula kuti kumeneko kunali kubera. Ngati kusiyana kochepa chonchi kunakwanira, nanga paketi imene yagona m'jekete la munthu sabata yonse?

Mankhwala ake ndi osavuta. Makadi azigula mwini nyumba, atsopano, ndipo pepala lake lizing'ambidwa patebulo onse akuona. Gulani mapaketi awiri a mitundu yosiyana, ofiira ndi abuluu, kuti muzisinthanitsa. Mukapeza apulasitiki ndi abwino koposa chifukwa sapindika msanga. Khadi ikapindika kapena kuda, paketi yonse ichoke. Musanayambe werengani, akwane 52, ndipo pakati pa masewera muziwerenganso mwadzidzidzi. Eyisi imatha kukhala pansi pa ntchafu ya munthu kudikira nthawi yake.

Njira yachiwiri ili m'manja mwa wogawa, ndipo apa ndiye pamene kalata ya mayiyu yandiimitsa mutu. Munthu wokakamira kugawa yekha usiku wonse, chifukwa chiyani? Kugawa ndi ntchito yotopetsa, palibe amene amaikonda chabe. Wobera amayamba ntchito potolera makadi amene atayidwa: amatola abwino n'kuwaika pansi pa mulu, posakaniza amangosakaniza apamwamba, apansiwo sawakhudza. Pogawa, anzake amawapatsa apamwamba, iye yekha amadzisololera apansi. Ena amadziwa kusunga khadi yapamwamba n'kumagawa yachiwiri mpaka ifike nthawi yawo. Maso sangagwire zimenezi kwa munthu wozolowera, koma makutu nthawi zina amagwira, chifukwa khadi yosololedwa pansi kapena pakati imalira mosiyana ndi yapamwamba. Onaninso kagwiridwe: mulu wobisika m'chikhatho, chala chamkombaphala chitazinga kutsogolo, mulu wopendekera kwa iye mwini kuti aziona pansi. Kugwira choncho si mlandu, koma kukaphatikizana ndi zina zija, lembani mumtima.

Apa tengerani phunziro ku nyumba zikuluzikulu za njuga, kumene sakhulupirira ngakhale antchito awo. Kugawa kuzizungulira, aliyense nthawi yake, kulowera kumanzere. Amene sadziwa kusakaniza aphunzire, si zamatsenga. Makadi azisakanizidwira patebulo atayang'ana pansi, osati m'mwamba pafupi ndi chifuwa. Musachite ulesi posakaniza: mu 1992 akatswiri a masamu awiri, Dave Bayer ndi Persi Diaconis, anasonyeza kuti paketi ya makadi 52 imafuna kulowetsanitsidwa kasanu ndi kawiri kuti isakanizike mokwanira. Akatha wogawa, wokhala kumanja kwake adule mulu, ndipo kudula kusamakanidwe ndi mawu oti "aaa, zili bwino choncho." Pansi pa mulu ikani joker imene simukuisewera, kuti khadi yapansi isaoneke ndiponso isasololedwe. Ndipo musanatsegule makadi apakati, yapamwamba muziyitaya kaye osaiona, kuti amene anaizindikira kumsana asapindule nayo.

Njira yachitatu ndiyo yovuta kuigwira kuposa zonse, chifukwa sifuna zala zochenjera. Imangofuna anthu awiri ogwirizana. Mayi inu mwati mlamu akapanda kudya amadya ndi mnzake uja. Hmm. Anthu awiri akagwirizana amauzana makadi awo ndi zizindikiro: malo oika botolo, kukanda khutu, kutsokomola, kaikidwe ka ndalama patsogolo. Mmodzi akakhala ndi makadi abwino, winayo amakweza ndalama dala ngakhale alibe kanthu, kuti wachitatu amene ali pakati pawo aponye zambiri. Wachitatuyo akalowa mokwanira, wopanda kanthu uja amataya makadi ake mwakachetechete. Akatsala awiriwiri amasewera mofewa ngati akusisitana, palibe wofinya mnzake. Akatuluka pageti amakagawana.

Tsono onetsetsani: kodi awiriwa anayamba athyolanapo ndalama zambiri okhaokha? Kodi amakonda kukhala moti wodyedwa uja ali pakati pawo? Potchinga, malo okhala azisankhidwa ndi makadi usiku uliwonse, osati aliyense pampando wake wa masiku onse. Mafoni onse alowe m'mbale imodzi pakona. Foni imabera pawiri: uthenga wa pa WhatsApp pansi pa tebulo, komanso galasi lake likazima limasanduka kalilole woonetsa khadi imene ikudutsa pamwamba pake. Chimodzimodzi tebulo lagalasi, TV yozima ndi zenera lopanda katani usiku. Yalani nsalu patebulo, tsekani makatani. Patebulo pazilankhulidwa chilankhulo chimene onse akumva. Awiri akayamba Chizulu cha ku Joni pakati pa masewera, auzeni mwaulemu kuti adikire kaye. Ndipo pasakhale munthu woimirira kumbuyo kwa osewera, kaya ndi mlendo, kaya ndi mkazi wa wina wobweretsa mbale.

Kuba kwina n'kwa wamba, kwa pamsika. Munthu akuti waponya K5,000 koma waponya K3,000 pamwamba pa mulu, ndani awerenge? Wina amasintha ndalama yaikulu pa mulu wapakati n'kutenga chenje chopitirira. Ndalama iliyonse iziikidwa patsogolo pa mwini wake, onse aione, kenaka wogawa ndiye aikokere pakati. Ngongole patebulo ayi. Ndipo muzimuona munthu amene amathirira anzake mowa mosaumira pamene iye wagwira Fanta mmodzi kuyambira 7 koloko.

Mwina wina akuti, zonsezi pa masewera a pachibale? Abale anga, malo amene anthu amakhulupirirana ndi amene wobera amawakonda. Mu October 2025 a FBI ku America anamanga anthu ambirimbiri pa nkhani ya poker yoseweredwa m'nyumba za anthu. Oimira boma pa mlanduwo ananena kuti panali makina osakanizira makadi okonzedwa mwachinyengo, amene ankawerenga makadi n'kutumiza uthenga kwa munthu wakunja, komanso magalasi a m'maso oonera zizindikiro zobisika, ndipo kuti oberedwawo anataya madola osachepera 7 miliyoni. Anatinso anthu otchuka pa masewera a basketball ndiwo ankakhala nyambo, kuti obwerawo asakayike kanthu. Amenewo anali anthu a ndalama zawo, ozindikira. Chinawagwetsa ndi chomwechi chakuti munthu amachita manyazi kukayikira amene wakhala naye patebulo limodzi.

Tsopano funso lachiwiri lija, lomwe kwa ine ndilo lalikulu. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mlamu ndi khoswe wa pamkhate ndithu: mukaponya mwala mwaphwanya ndi mkhate womwe. Choyamba, mayi, musadzatulukire kukhitchini ndi chipande m'manja n'kukuwa kuti wakuba. Mulibe umboni, pali mowa, pali ndalama, ndipo amuna anu adzaikira kumbuyo mkulu wawo, inu n'kusanduka mkazi wodanitsa abale. Mawu amenewo akatuluka sabwezeka. Adzakutsatani ku maliro ndi ku maukwati zaka khumi.

Yambani ndi amuna anu, muli awiri, tsiku lopanda makadi, atadya. Musayambe ndi dzina la mkulu wawo. Yambani ndi fizi. Kenaka muwauze kuti popeza masewerawa akuchitikira m'nyumba mwanu, mukufuna aziyenda ndi malamulo ofanana kwa aliyense: makadi atsopano, kugawa kozungulira, kudula, mafoni m'mbale, malo osinthasintha. Lamulo lokhudza onse silinyoza munthu. Awalengeze ndi bambowo monga mwini nyumba, masewera asanayambe, moseka, ngakhale kunena kuti anawerenga m'nyuzi ya Lamulungu. Ine ndilibe nazo vuto, ndinamizireni.

Mukatero khalani phee, muone. Wosewera mwachilungamo malamulowa samupweteka, amangoti chabwino, gawani. Amene apse mtima ndi paketi yatsopano, amene akane kuti makadi ake adulidwe, amene mwayi wake uthe mwadzidzidzi kapena ayambe kupeza zifukwa zosabwerera, wakuyankhani yekha popanda inu kutchula mawu oti kuba. Ndipo ngati mlamu apitirize kudya ngakhale zonse zatsekedwa, landirani kuti munthuyo amadziwa kusewera, ndipo mumupepese mumtima.

Zikachitika kuti wina wagwidwa poyera, khadi ili pansi pa ntchafu, musamenyane. Imitsani masewera, aliyense atenge zimene anaponya ulendo umenewo, anthu azipita. Nkhani ikambidwe mawa kutacha, mitu ili bwino, pamaso pa wamkulu mmodzi wa kubanja amene onse amamulemekeza. Munthuyo ku nsima muzimuitanabe, ndi m'bale. Ku makadi ayi.

Koma ndikanakhala wabodza ndikanalekera pamenepa. Mayi, ngakhale titatseka mabowo onse, fizi ija yapita theka, ndipo amene anaitenga m'nyumba n'kukaiika patebulo si mlamu. Bambo inu amene mukuwerenga mobisa kuseri kwa tsamba la mpira, ndikunena inu. Ndalama ya lendi, ya fizi, ya ufa, si yanu nokha. Ngati simungathe kusiya, gwirizanani ndi akazi anu kuchuluka kwa ndalama imene mungataye pa mwezi osasowa tulo, muisiyanitse ndi zina zonse, ikatha mwatha, dzukani. Nthawi yotsekera inenedwe poyamba, chifukwa wodyedwa ndiye amapempha "kamodzi kokha komaliza" mpaka tambala kulira. Mukaona kuti mwayamba kusewera pofuna kubweza zimene munaluza, mukubisa kuchuluka kwa zimene zapita, mwayamba katapila kapena kugulitsa katundu wa m'nyumba, imeneyo sinso nkhani ya mlamu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera chizolowezi chosalamulirika cha njuga m'gulu la matenda. Pamenepo pakufunika ankhoswe, abusa kapena ashehe, ngakhalenso achipatala, ndipo mkazi amene wakawauza sanakuyalutseni.

Makolo, ana aja mumati agona sanagone. Akumva ndalama zikuwerengedwa, akuona atate awo akusekerera akadya ndi kutukwana akadyedwa. Chonde musamuitane mwana kuti adzakusankhireni khadi ati ali ndi dzanja lamwayi, ndipo musamutume kukasuzumira makadi a amalume ake ngakhale mwanthabwala; mukumuphunzitsa zinthu ziwiri zoipa nthawi imodzi. Njuga si ya mwana wosakwana zaka 18, ndipo kukhala pabalaza panu sikusintha zimenezo. Mukafuna kusewera makadi ndi ana, sewerani masana, ndi nyemba kapena njere za chimanga, ndipo pomaliza nyembazo zibwerere mumphika.

Ndiye mayi wa ku Lilongwe, mawa Lolemba kagureni mapaketi awiri, ofiira ndi abuluu, musawatsegule. Lachitatu kambiranani ndi bambo. Lachisanu yalani nsalu patebulo, ikani mbale ya mafoni pakona, nkhuku ija muwapatse akatha kusewera kuti zala zikhale zouma. Pakatha milungu inayi mundilemberenso, mundiuze amene akudya ndiponso amene wasiya kubwera.